Anati Takhuta, ine ndinalanda mbale

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku chigwa cha Shire, kumene dzuwa limatuluka litakwiya kale. Dzina langa ndine Chipo, ndimakhala m'mudzi wina kunja kwa Ngabu. Ambiri a inu mumachitira umboni za matenda amene anachira kapena ntchito imene inapezeka. Vuto langa linalibe dzina lomveka chotero. Ndinali woyembekezera, masiku anga akuyandikira, koma m'dziko lonse la Malawi munalibe mayi ndi mmodzi yemwe woti akakhale pambali pa bedi langa kuchipatala. Kusungulumwa nakonso ndi matenda, kungoti anamwino sakuyeza.

Ine ndinabadwira ku Zimbabwe, m'komboni ya pa famu ina ya fodya. Agogo anga anachokera ku Dedza kalekale, ndipo m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa, tikatuluka panja Chishona. Kumeneko ankatitchula anthu opanda kwawo. Mwamuna wanga Fanuel nayenso anabadwira m'komboni momwemo. Bambo ake anali ochokera kuno ku Ngabu, koma anamwalira iye akukwawa, ndipo Chisena chawo anapita nacho kumanda. Famu ija itasintha eni, tinauzidwa kuti tichoke m'komboni. Fanuel anangoti, "Tiyeni kwathu." Tinanyamula mapoto ndi zofunda kupita kwathu kumene tonse awiri tinali tisanakuoneko.

Msuweni wa apongozi anga anatilandira bwino ndithu, sindingamunamizire. Anatilozera malo kumapeto kwa mudzi pafupi ndi mtengo wa masawu, anatithandiza kufolera kanyumba, kenaka anabwerera ku Nchalo kumene amagwira ntchito. Ife tinadzala chimanga monga tinkachitira kufamu, anzathu akudzala mapira ndi mchewere. Tinkadabwa kuti anthuwa bwanji sakonda chimanga. Dzuwa la kuno linatiyankha lokha. Chimanga chitauma chisanamasule, Fanuel ananyamuka kupita ku Joni kukasaka ganyu, ndipo atachoka ndi pamene ndinadziwa kuti wandisiya ndili ndi pathupi.

Sindinafune kukhala ngati chitsa pamudzi pa eni. Malemu mayi anga ankati ukafika pamalo pachilendo usadikire kuti moto ukupeze, pita ukaupale wekha. Choncho tsiku lina ndinatenga ufa umene unatsala, nthochi zakupsa ndi kasoda, n'kuphika chigumu. Abale, sindikudzitama, chigumu ndimachidziwa. Chinatuluka chofiirira bwino, chonunkhira mpaka kumsewu. Ndinachiika m'mbale yanga yamaluwa imene ndinabwera nayo kuchokera ku Zimbabwe, ndinavundikira ndi kansalu koyera, n'kulunjika khomo loyandikana nalo.

Pakhomopo pamakhala mayi Zuze, mayi wachikulire wamasiye amene anasamukira kuno kuchokera kumunsi kwa Nsanje madzi osefukira atawatengera nyumba. Chichewa amachimva, koma pakamwa pawo pamatuluka Chisena. Ndinawapeza atakhala pamthunzi ndi amayi ena awiri akupuntha mapira. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinatambasula manja. Iwo analandira mbale ija ndi manja awiri, anavundukula, ananunkhiza, n'kundiyang'ana akumwetulira.

"Takhuta, mwananga," anatero. "Takhuta maningi!"

Amayi awiri aja nawo anavomereza, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. "Takhuta, takhuta."

M'komboni mmene ndinakulira, munthu ukamupititsira chakudya iye n'kukuuza kuti takhuta, ndiye kuti akuopa dzanja lako. Akukuuza mwaulemu kuti chakudya chako sachikhulupirira, mwina wathiramo kanthu. Ndipo awa sanangonena kamodzi, ananena atatu onse, akumwetulira, kuwonjezerapo ndi kuwomba m'manja. Ndinaona ngati akundiseka poyera. Ndinati, "Pepani, sindimadziwa." Ndinatambasulanso manja, ndinachotsa mbale ija m'manja mwa mayi Zuze, ndinavundikira, n'kubwerera kwathu. Kumbuyo kwanga ndodo zopunthira mapira zinaleka kulira.

Chigumu chija ndinadya kachidutswa kamodzi ndikulira, china chonse zinamaliza ndi nyerere. Nditamuuza Fanuel pa foni, anangoti, "Asiye, ukangochira ndidzakutenga." Iye akanandiuza chiyani, poti naye Chisena sachidziwa?

Kuyambira tsiku limenelo mudzi unanditsekera chitseko, kapena ndinene kuti ine ndi mudzi tinatsekerana. Ndikafika pamjigo, macheza ankaduka. Ankandipatsa mpata wotunga msanga, osati chifukwa cha ulemu, koma kuti ndichoke apitirize nkhani zawo. Ana ankandiloza chapatali n'kumanong'onezana kuti akubwera mayi Bweza. Mayi Zuze akandiona ndikudutsa ankabisa msanga dzanja lamanja m'chitenje, ndipo ine ndinkati agwira chithumwa chodzitetezera kwa ine. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinabadwira dziko lina kumene ankati ndilibe kwathu, ndafika kwathu akundiyesa mfiti.

Masiku a kuno ndi aatali ukakhala wekha. Masana dothi limang'ambika, mbalame zimabisala, anthu onse amakhala m'mithunzi awiriawiri kapena atatuatatu. Ine ndinkakhala pansi pa msawu uja ndekha, miyendo yotupa nditaitambasula, ndikumva kuseka kochokera makomo a anzanga. Mbuzi za eni zikabwera kudzatola masawu ogwa sindinkazithamangitsa. Ndinkazilankhula m'Chishona, poti ndizo zokha zimene zinkandiyandikira. Panali masiku amene ndinkagona osalankhulapo ndi munthu, mpaka ndikatsegula pakamwa kupemphera mawu ankatuluka osasa ngati a munthu wina.

Kutchalitchi ndinkapita, koma ndinkakhala benchi yakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Nthawi ya mapemphero, azimayi achikulire ankakweza mawu kuti, "Takhuta Baba! Takhuta Mulungu!" Mukanati ndizindikire pamenepo, koma munthu wopwetekedwa amamva zimene bala lake likumuuza. Ine ndinkati anthuwa akuuza Mulungu kuti wawadyetsa mpaka akhuta. Ali ndi abale, ali ndi minda, ali ndi chilankhulo chawo, akhutadi. Wanjala m'tchalitchi monsemo ndinali ine ndekha.

Kenaka kunabwera nkhani ya kusikelo. Namwino atandipima ananena kuti mwana wagona mopingasa, ndipo mwina adzafunika kundichita opaleshoni. Anati mwezi womaliza ndisakhale kumudzi, ndibwere ndidzadikirire pachipatala, ndipo ndibwere ndi wondidikirira. Anafunsa kuti, "Gadiyani wanu ndani, mayi?"

Inu a kuno mukudziwa kuti gadiyani ndi ndani. Ndi amene amakuphikira kukhitchini ya odikirira odwala, amakutungira madzi, amachapa nsalu zamagazi, amathamanga kukaitana namwino zinthu zikavuta. Ukatuluka ku opaleshoni uli chikomokere, ndi amene amalandira mwana wako. Ine mayi anga anamwalira, mchemwali wanga ali ku Zimbabwe ndipo alibe ziphaso zoyendera, Fanuel akanabwera ndiye kuti ganyu yatha. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndikaganiza. Namwino anaseka pang'ono mondikomera mtima, nati gadiyani saganizira, amangotchula. Sanadziwe kuti ndinalibe dzina loti nditchule.

Nditatuluka ndinakhala pa benchi yapanja, ndikuyang'ana azimayi anzanga. Aliyense anali ndi wake, wina mayi ake, wina apongozi, wina mlamu wake atamusenzera beseni ndi nkhuni. Ndinaganiza za mwana wanga akulira pabedi ine ndisanatsitsimuke, popanda dzanja lomunyamula. Imfa sindinkaiopa kwambiri, chimene chinkandiopsa ndi chimenecho. Pabenchi pomwepo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, Ambuye, sindikupempha chuma, sindikupempha kubwerera kumene ndinachokera, ndikupempha munthu mmodzi.

Kumwamba sikunatseguke. Ndinanyamuka kupita kumsika kukagula mkeka woti ndizikagonapo podikirira. Kuseri kwa msika, pansi pa chisakasa, panali amayi ndi abambo angapo akuluka mikeka ndi madengu a mlaza, ena akulongedza nsomba zouma. Mayi wina wonenepa, wamaso oseka, anandisankhira mkeka wolimba. Pondipatsa, pakamwa panga panatuluka zikomo wa Chishona ndisanaganize. Mayiyo sanausiye mkeka uja.

"Inu si akuno," anatero.

Ndinati zayambanso. Koma iye anaseka, nati, "Musaope, nanenso si wakuno. Ndine Rozina, ndinawoloka Shire kuchokera ku Mozambiki ndili mtsikana. Pachisakasa pano palibe wakuno." Anatembenuka n'kukuwa, "Sekai! Tabwera udzaone m'bale wako!"

Kunabwera mayi wamtali, mlaza uli m'manja, n'kundipatsa moni m'Chishona, moni weniweni wa kwathu wofunsa ngati ndaswera bwino. Abale, ndinalira pakati pa msika ngati mwana wotayika amene waona chitenje cha mayi ake. Anandikhazika pa mkeka womwe ndinagulawo, anandipatsa madzi, n'kundisiya ndilire mpaka nditamaliza.

Ndi mmene ndinadziwira gululi. Ndi kopaletivi ya anthu obwera, yoyendetsedwa ndi mamembala eni ake. Muli ochokera ku Mozambiki, muli ana a matchona obadwira ku Zimbabwe ndi ku Joni, muli akazi okwatiwa kuno kuchokera kutali. Amagula mlaza pamodzi, amaluka pamodzi, amagulitsa pamodzi, ndipo amene amatsogolera amasankhidwa ndi anzake n'kudzasiyira wina nthawi yake ikatha. Anthu a pamsika ankawaseka kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iwo anangolitola dzinalo, mpaka lero amadzitchula kuti a Mame, mame amene dzuwa la Ngabu linawalephera.

Ali ndi mwambo wawo. Munthu watsopano akafika samufunsa mapepala kapena kuti wabweretsa chiyani. Amamufunsa funso limodzi, lakuti wakakamira pati. Ine ndinawauza za gadiyani. Mayi Rozina anafunsa ngati ndilibe anansi, ndipo ndinati anansi ndili nawo koma ndi anthu ouma mtima. Kuti aone kuipa kwawo ndinafotokoza nkhani yonse ya chigumu, mmene ndinagwadira, mmene ananunkhizira, mmene anandiuzira atatu onse kuti takhuta.

"Ndiye inu munatani?" anafunsa mayi Rozina, maso atatuzula.

"Ndinatenga mbale yanga n'kubwerera."

"M'manja mwawo?"

"M'manja mwawo."

Kenaka mayi Rozina anagwa chagada pamulu wa mikeka, akuseka mpaka misozi. Bambo wina wolongedza nsomba anachita kuthawira kuseri, mapewa akugwedezeka. Ine mkwiyo unandikwera, ndinayamba kupinda mkeka wanga kuti ndizipita. Mayi Rozina anandigwira mkono, akupukuta maso.

"Khala pansi, mwananga, safunsa anadya phula. Takhuta m'Chisena ndiye zikomo. Takhuta maningi ndiye zikomo kwambiri. Anthu aja ankakuthokoza, iwe n'kuwalanda chigumu pakamwa!"

Ndikanakonda nthaka ya Ngabu, imene imang'ambika chaka chonse, ikanang'ambika tsiku limenelo n'kundimeza. Ndinakumbukira kumwetulira kwa mayi Zuze, kuwomba m'manja kuja, mapemphero a m'tchalitchi. Miyezi yonseyi ndinkalirira chitseko chimene ndinatseka ndekha. Mayi Rozina anafunsa kuti dzina loti Chipo limatanthauza chiyani, ndipo Sekai atayankha kuti mphatso, kuseka kunayambiranso. Anati sanaonepo mphatso yolanda mphatso inzake.

Sekai ndi amene anandichotsa manyazi. Iye ndi Mshona weniweni, anakwatiwa ndi mwamuna wa kuno. Anati atangofika, aphunzitsi anamuitana n'kumuuza kuti mwana wanu amagona m'kalasi. M'Chishona kugona ndi kukhoza. Iye anathokoza aphunzitsi aja ndi mtima wonse, n'kupita kukamugulira mwanayo nsapato zatsopano. Apa ndinaseka nanenso, kuseka kwanga koyamba chifikireni m'dziko lino, mpaka mwana m'mimba anadzidzimuka n'kundimenya chidendene.

Ndinkaganiza kuti basi nkhani yatha, andipatsa mmodzi wa iwo akhale gadiyani wanga. Mayi Rozina anati zimenezo zilipo, membala wawo sagona m'chipatala yekha, amasinthanasinthana kumudikirira. Koma anati gululi lili ndi lamulo lina limene salilumpha, lakuti silimanga mudzi m'kati mwa mudzi. "Ife tili pamsika, iwe uli kumudzi. Ukadzabuula m'nyumba, amene adzamve ndi wa khomo loyandikana nalo. Kaphikenso chigumu, ndikuperekeza."

Ndinakana, ndinati sindingathe kuwayang'ana kumaso. Mayi Rozina anati ndikawayang'ane kumapazi. Ananditapira ufa m'thumba la gulu, wina anawonjezera nthochi, ndipo anandikweza pa njinga ya shapa, kabaza wa kuno.

Tsiku lotsatira mayi Rozina anafika dzuwa lisanakwere, chigumu chili pamoto. Tinapita pakhomo pa mayi Zuze, mbale yamaluwa yomwe ija ili m'manja mwanga. Tinawapeza okha. Atandiona anabisa dzanja lija m'chitenje, nkhope itauma. Mayi Rozina anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza m'Chisena, ine nditagwada ndikuyang'ana kumapazi monga anandiuzira. Ndinkangomva mawu oti takhuta akubwerezedwa. Ndinkayembekezera kuseka ngati kwa pamsika kuja, koma mayi Zuze sanaseke. Analankhula motsitsa kwa nthawi yaitali, ndipo mayi Rozina atatembenukira kwa ine maso awo oseka aja anali atanyowa.

"Akuti iwo ankaganiza kuti unaona dzanja lawo."

Mayi Zuze anatulutsa dzanja lija m'chitenje. Linapsa ndi moto ali mtsikana, zala zitatu zinamatirirana, khungu lake ndi lotuwa ndi lokwinyika. Tsiku la chigumu ine sindinaliwone n'komwe, maso anga anali pankhope pawo. Koma iwo moyo wawo wonse akhala akuona anthu akunyansidwa nalo, ena kukana chakudya chimene aphika. Mlendo atawapatsa mbale, iwo n'kuigwira, mlendoyo n'kuilanda nthawi yomweyo, akanaganiza chiyani? Si chithumwa chimene ankabisa ndikamadutsa, ankandibisira chimene ankati chimandinyansa. Nyumba ziwiri zoyang'anana, m'nyumba iliyonse muli mayi wosungulumwa, aliyense akuti mnzake samufuna.

Ndinaika mbale pansi, ndinagwira dzanja lija ndi manja anga awiri, n'kuliika patsaya langa. Tinalira tonse, mayi Rozina akutinyoza kuti chigumu chizizira. Pomaliza mayi Zuze ananyamula mbale ija, anaikumbatira pachifuwa mwamphamvu, n'kunena m'Chichewa chawo chopindika, "Lero sindilankhula kanthu. Ungandilandenso."

Nkhani ya gadiyani sindinaipemphe. Mayi Rozina atangoitchula, mayi Zuze anakwiya. Anati iwo ali moyo, khomo ndi khomo, mwana wa eni akadikiriridwe ndi anthu a pamsika? Mayi Rozina ananditsinzinira diso. Ndinazindikira kuti ankadziwa kuti zitha chonchi.

Nthawi itakwana tinapita kukadikirira, mayi Zuze atasenza beseni ndi mapoto, ine mkeka wanga uja. A Mame sanatisiye. Ankabweretsa nkhuni, ufa ndi nsomba zouma, ndipo mayi Zuze akafuna kukaona mbuzi zawo kumudzi, Sekai kapena mayi Rozina ankabwera kudzakhala nane. Anandibweretsera ndi mlaza womwe kuti manja asamangokhala, ndipo dengu langa loyamba linatuluka lopendekera ngati chisa cha khwangwala. Analigulitsabe, akuti kwa munthu wosaona bwino. Masana tikakhala pamthunzi mayi Zuze ankandiphunzitsa Chisena, akundiloza zinthu ndi dzanja lomwe lija, losabisanso.

Mwana sanatembenuke. M'mawa wina matenda anayamba, ndipo anamwino anathamanga nane ku opaleshoni. Chimene ndikukumbukira ndi denga likuyenda pamwamba panga, ndi mayi Zuze akuthamanga pambali pa bedi, akupemphera mokweza m'Chisena mpaka pachitseko pamene anawaletsa kulowa. Ndinali ndi mantha, sindibisa. Koma ndinkadziwa kuti kunja kwa chitseko chimenecho kuli munthu amene akudikira ine, osati wina aliyense.

Nditatsitsimuka, chinthu choyamba kuona chinali dzanja lotuwa lija litachirikiza kamutu ka mwana wanga wamkazi. Anali atamukulunga bwinobwino m'chitenje chawo, akumuimbira chapansipansi. Chithunzi chimene chinkandizunza pa benchi paja, cha mwana wolira wopanda womunyamula, Mulungu anachifufuta ndi dzanja limene mwini wake ankati palibe amalifuna.

Atandilola kudya, mayi Zuze anaphika phala la mapira n'kumandimwetsa ndi supuni, poti ndinalibe mphamvu zodzuka. Nditameza kangapo ndinawayang'ana, mtima utadzaza, ndipo ndinafuna kuwathokoza m'chilankhulo chawo. Ndinati, "Takhuta, mama. Takhuta maningi."

Iwo anaimitsa supuni m'malere. Anandiyang'ana nkhope ili gwa, anavundikira mbale ya phala, n'kuikokera kutali.

"Pepani," anatero, akutsanzira mawu anga enieni. "Sindimadziwa."

Abale, musamaseke muli ndi ulusi pamimba. Ndinaseka ndikubuula, iwo akuseka mpaka kutsokomola, mpaka namwino anabwera kudzatikalipira tonse awiri. Kenaka anabweza mbale ija n'kupitiriza kundimwetsa mpaka ndinakhuta m'zilankhulo zonse ziwiri.

Mwanayo dzina anamupatsa ndi iwo, ndipo mwaliganiza kale. Anthu a kumtunda akamva kuti ndi Takhuta amafunsa ngati anabadwa chaka cha zokolola zambiri, ine ndimangoti eya.

Sindikunena kuti zonse zinatha. Fanuel akadali ku Joni, mwana wake amamudziwira pa foni. Mchemwali wanga sindinamuonenso chichokereni, ndipo manda a mayi anga ali pa famu imene sindingalowenso. Pali masana ena pamene msawu uja umandikumbutsa masiku olankhula ndi mbuzi, mtima n'kulemera. Koma tsopano ndikakhala pamenepo sipatenga nthawi, ndimamva mawu kuseri kwa mpanda akufunsa ngati mdzukulu wawo wadya. Ndine membala wa a Mame, madengu anga anawongoka, ndipo chaka chino ndinadzala mapira. Munthu watsopano akafika pachisakasa, nthawi zambiri amatuma ine kukamufunsa kuti wakakamira pati, ndipo akachita manyazi ndimamuuza za chigumu.

Ndikuthokoza Mulungu amene ndinamupempha munthu mmodzi, iye n'kundionetsa kuti munthuyo anamuika kale khomo loyandikana nalo, n'kutumanso gulu lonse kuti lindiperekeze kukagogoda. Ndikuthokoza mayi Rozina chifukwa cha kuseka kwawo, Sekai chifukwa cha moni uja, ndi onse a pachisakasa.

Iwe amene ukuwerenga uli kudziko la eni, kaya ku Joni, kaya kwina kulikonse, kaya kwanu kumene sikukudziwa, usataye mtima ndipo usaleke kupemphera. Funa anzako amene anafika iwe usanafike, alipo, ndipo anakakamirapo pamene wakakamira iwepo. Mawu akakupweteka, funsa tanthauzo lake usanatseke chitseko. Ndipo inu eni mudzi, mlendo akachita zachilendo musafulumire kumupatsa dzina. Mwina sanakumveni chabe.

Mbale yamaluwa ija mpaka lero ili kwa mayi Zuze. Ndinayesapo kuifunsa kamodzi, anati inabwerera kwathu kamodzi, sidzabwereranso. Takhuta Baba, takhuta Mulungu. Ameni.